Galimoto Imene Inandilankhulira kwa Apongozi

Koleji ndi ine tinasiyana mwamtendere. Panalibe kutukwanana. Iwo ankafuna ndalama za chaka chachiwiri, inenso ndinkazifuna ndalama zomwezo, ndipo titaona kuti palibe amene ali nazo, tinagwirana chanza n'kutsanzikana. Ndinabwerera ku Chadiza ndi sutikesi, tayi imodzi, ndi dzina lakuti aphunzitsi, limene anthu akundiitana nalo mpaka lero ngakhale kuti sindinagwirepo choko pamaso pa mwana wa munthu.

Ndinatsegula kantemba pamsika wa pa boma. Ndinkakonza mafoni, kutumizira anthu ndalama, ndipo nyengo yokolola ndinkagula soya ndi nshawa m'midzi n'kukagulitsa ku Chipata. Zinkayenda ndithu. Kenako ndinakwatira kwa Mlolo, ndipo monga mwa mwambo wathu ndinanyamuka kukakhala kwawo kwa mkazi, pachikamwini. Ndinamanga nyumba pamalo amene anandilozera, ndinalima munda wa apongozi, mwana anabadwa. Mayeso a ukamwini ndinakhoza onse, zimene ku koleji sizinkachitika kawirikawiri.

Vuto linali mtunda. M'mawa uliwonse ndinkapalasa njinga kupita pa boma, n'kukafika nsidze zili mbuu ndi fumbi, makasitomala atatopa kudikira. M'dzinja mitsinje ikadzaza ndinkasenza njinga pamutu, ndiye kuti tsiku limenelo njinga ndi imene yakwera ine. Choncho ndinkafuna chitengwa: chilolezo choti nditenge mkazi wanga ndi mwana tikakhale pa boma. Ankhoswe anga anakapereka pempho kwa amalume ake a mkazi wanga. Amalumewo anati mwini mawu ndi mlongo wawo, apongozi anga aakazi, popeza bambo wa pakhomopo anamwalira kale. Apongozi anayankha kuti, "Tamva."

Wina aliyense wobadwira kwathu amadziwa kuti "tamva" si "inde". Ndi mpando umene amakupatsa kuti ukhalepo mpaka utatopa.

Kupita ndekha kukachonderera sikukanatheka. Ine ndi apongozi sitinkalankhulana, osati chifukwa cha mkangano, koma ulemu. Mkamwini sayang'ana apongozi ake kumaso, sakhala nawo pamphasa imodzi, sadya iwo akuona. Tikakumana panjira yopita kudimba, mmodzi wa ife ankapatukira m'tchire, ndipo kawirikawiri amene ankalowa m'minga ndinali ine. Mawu onse ankadzera mwa mkazi wanga. Zaka zonsezo ndinkawadziwa bwino apongozi zidendene ndi kumbuyo kwa duku. Akanasowa, apolisi n'kundifunsa nkhope yawo, ndikanawalozera mayi aliyense wa m'bomali.

Ndinakhala pansi n'kuganiza ndi mutu wa munthu amene anaponda ku koleji. Ndinati, mayiwa akuopa mtunda. Akuganiza kuti akadwala, kapena pamudzi pakagwa zovuta, mwana wawo azichedwa kufika. Mankhwala a mtunda ndi galimoto.

Chaka chimenecho soya anagulika bwino. Munthu wina ku Chipata, woitanitsa magalimoto ogwiritsidwa kale ntchito kuchokera ku Japan, anandionetsa zithunzi pafoni. Ndinaloza imodzi. Inali yaing'ono, koma yokwezeka miyendo, yokhala ndi mapulasitiki akuda mozungulira matayala, ngati mwana wovala magambuti a bambo ake. Inkaoneka ngati imatha kukwera phiri chammbuyo. Ndinadzamva pambuyo pake kuti amakoka ndi matayala akutsogolo okha, akumbuyowo amangoperekeza. Wogulitsayo anati mwini wake woyamba anali gogo wina amene ankangopita nayo kumsika. Ndinamukhulupirira, ndipo ndimamukhulupirirabe, chifukwa galimotoyo itangoona msewu wa kwa Mlolo inayamba kulira kwawo.

Anayamba ndi mashoko. Msewu wathu uli ndi mizeremizere ngati malata, ndipo mwezi usanathe pansi pa galimoto pankamveka gugudu-gugudu, ngati mwatsekera mwana wa ng'ombe m'dramu. Ndinapita nayo kwa makaniko wa pa boma, amene galaja yake ndi mthunzi wa mtengo wa mango. Anaigwedeza ndi bondo, anatchera khutu, nati, "Aphunzitsi, mashoko akutsogolo anapuma kale ntchito. Mabushi nawonso apita. Galimoto iyi inaleredwa pa simenti."

Mkazi wanga sakhulupirira ziwerengero za makwacha. Amati zimasintha ngati mitambo. Iye chilichonse amachiyeza ndi mbuzi, chifukwa mbuzi amaziona ndi maso m'khola. Nditamuuza mtengo wa mashoko ndi mabushi anayang'ana kudenga, milomo ikugwedera, nati, "Mbuzi ziwiri." Ndipo popeza ndalama za soya zinali zitathera pa msonkho wa pachipata cha m'malire ndi manambala, mbuzi ziwiri zenizeni zinatuluka m'khola kupita kwa ogula.

Kenako kalabala kophimba joyinti ya tayala lakumanja kanang'ambika, mchenga unalowa, ndipo ndikamakhota galimoto inkalira kuti tete-tete-tete ngati ikuwerenga machimo anga. Imeneyo inali mbuzi ndi theka. Ndinafunsa mkazi wanga kuti theka la mbuzi limaoneka bwanji. Anati, "Limaoneka ngati nkhuku zisanu zimene simudzadya."

Itachira pamenepo, injini inayamba kunjenjemera ngati ya malungo, ndipo padashibodi panayaka kanyali kachikasu. Makaniko wa pansi pa mango anati matenda amenewo khutu siligwira, afunika kompyuta ya ku Chipata. Ndinapita. Makaniko wa kumeneko anabaya chingwe pansi pa chiwongolero, kompyuta inaganiza pang'ono, n'kunena kuti koyilo imodzi yafa. Kungonena kokhako ndinalipira kuposa mmene ndinalipirira kuchipatala pamene mwana wathu ankabadwa. Tinagula koyilo. Anzake otsalawo ataona kuti mnzawo wapuma, nawonso anayamba kufa motsatizana ngati nkhuku za chitopa. Pampu ya mafuta inatsatira, chifukwa ndinkathira petulo wa m'zigubu wochokera kumalire, wotchipa, amene nthawi zina amabwera ndi madzi ake ndi dothi lake la ku Mozambique. Kanyali kachikasu kaja sikanazimenso. Ndinakamata ndi kapepala, ndipo mtima wanga unakhala pansi.

Chachikulu chinali giyabokosi. Magalimoto amenewa ndi otomatiki, koma mkati mwake mulibe magiya a mano ngati a lole. Muli lamba wachitsulo woyenda pakati pa mapule awiri, ndipo lambayo amafuna oyilo wakewake, wochita kuitanitsa ku Lusaka, wa mtengo woti ukaumva umayamba wakhala pansi. Nthawi yosintha itakwana, ine ndi makaniko tinachita msonkhano. Iye anali ndi oyilo wofiira wa magalimoto ena a otomatiki, wotchipa kwambiri.

"Oyilo ndi oyilo, aphunzitsi," anatero. "Galimoto siwerenga chigubu."

Ndinavomereza, ndipo ndinaonjezapo mfundo za sayansi zimene ndinkazikumbukira. Tinagwirizana tonse awiri, palibe anakakamiza mnzake. Patangopita nthawi pang'ono, ikamakwera mtunda inayamba kulira kuti wiii, ngati udzudzu wa msinkhu wa nkhumba. Ndinkakweza wailesi.

Zonsezi apongozi sanayenera kuzidziwa. Madzulo alionse ndisanalowe m'mudzi ndinkaima pamjigo n'kuipukuta, ndipo ndinkalowa pang'onopang'ono kuti zolira zisamveke. Ndinatumanso ankhoswe. Ulendo uno ngakhale "tamva" sanabwere. Anabwera ndi uthenga wakuti apongozi ali ndi chimfine.

Mwayi unapezeka m'mwezi wa Okutobala. Amayi a mpingo anali ndi msonkhano waukulu kwa Zingalume, ndipo apongozi ndiwo ankayang'anira zophikira za amayi a kwathu. Anzawo anatsogola pa lole. Iwo anatsala ndi katundu. Mkazi wanga anati, "Aphunzitsi, nayi nthawi yanu. Muwanyamule amayi. Akaona okha kuti pa galimoto mtunda si kanthu, akavomera." Ndinavala tayi.

Katunduyo anali matumba awiri a ufa, thumba la kabichi, ndowa, miphika ikuluikulu yoti mwana atha kusambiramo, ndi mtolo wa nkhuni umene tinaumangirira padenga. Galimoto inakhala pansi kumbuyo ngati galu wopempha. Ndiye panabuka nkhani ya kakhalidwe. Amene anapanga galimotoyi ku Japan sankadziwa kuti m'dziko muli apongozi. Anaipanga yaing'ono moti wakumbuyo amapumira m'khosi mwa woyendetsa. Tinawakhazika kumbuyo, mbali ya kumanzere, kutali ndi ine monga mmene kukanathekera, thumba la kabichi lili pakati ngati mpanda. Kagalasi koonera kumbuyo ndinakapotozera kudenga, kuti maso athu angakumane. Ulendo wonsewo za kumbuyo ndinazisiya m'manja mwa Mulungu.

Galimotoyi ili ndi khalidwe lina. Ukangoiliza, mumatuluka mawu a mzimayi wolankhula Chijapani, mwaulemu kwambiri, ngati akukupepesa. Palibe amene akudziwa chimene amanena, ndipo palibe amene anakwanitsa kumuletsa. Atangolankhula, ndinamva apongozi akunong'oneza mwana wawo.

"Ndani ameneyo?"

"Ndi mkazi wawo wa ku Japan, amayi. Anabwera nayo galimoto."

"Aa. Amadya chiyani?"

"Mbuzi."

Ine ndinayang'ana kutsogolo monga woyendetsa wodziwa ntchito.

Poyamba zinayenda bwino. Tinadutsa njinga zingapo, ndipo ndinkaliza hutala mopitirira muyeso kuti apongozi aone kusiyana. Dzuwa linali la Okutobala lenileni, nyenje zikulira m'mitengo. Choziziritsa m'kati chinali chitafa kale, gasi wake atathawa, ndiye mawindo anali otsegula ndipo fumbi linkalowa ngati lalipira. Titawoloka kamtsinje kouma kodzaza mchenga, msewu unayamba kukwera. Udzudzu uja unayamba nyimbo yake. Ndinaponda moto. Injini inakuwa, koma galimoto inkayenda ngati ikuperekeza maliro. Ndinapondanso. Inakuwa kwambiri, n'kuima. Panamveka fungo ngati la mphika wopserera. Injini inali moyo, matayala anali moyo, koma pakati pawo panalibe kumvana.

Ndinatuluka, ndinatsegula boneti, n'kuyang'anamo nthawi yaitali manja ali m'chiuno. Sindinkafuna kanthu m'menemo. Koma mwamuna galimoto ikafa amatsegula boneti, ndi mwambo.

Anthu atatu a panjinga anaima. Mmodzi, wachikulire wovala chipewa cha mlaza, anati, "Musavutike, bambo. Tikankhe. Inu muike mu giya tuu, mukamva yathamanga musiye kilachi."

"Ilibe tuu."

"Ikani mu fili."

"Fili sithandiza. Ngakhale kilachi ilibe."

Anasuzumira pansi pa chiwongolero, nawerenga zopondera. Anatembenukira anzake. "Zoona. Anamugulitsa yosatha." Anandipepesa ngati wofedwa, n'kukwera njinga zawo.

Netiweki ndinakaipeza pamwamba pa chulu. Ndinaimbira makaniko wa kompyuta uja ku Chipata. Anafunsa kuti tinathira oyilo wanji. Nditamuuza anaseka mpaka mayunitsi anga anatsala pang'ono kutha. Kenako anati, "Lamba watha ameneyo, mdala. Koma mverani. Musaikoke matayala akutsogolo ali pansi, mungaphwanyiretu ndi zina zimene zikanapulumuka. Kutsogoloko kunyamulidwe." Ndinamufunsa kuti ndinyamule ndi chiyani pakati pa tchire. Anati imeneyo si mbali yake ya ntchito.

Mkazi wanga anati pamudzi wina kuseri kwa phiri pali mnzake amene anaimba naye kwaya, mwamuna wake ali ndi ng'ombe ndi ngolo. Ndinati ndipite ine.

"Inu ndi tayi yanuyo? Akakutchajani pawiri. Khalani, mulondere katundu."

"Nanga amayi?"

"Amayi miyendo ikuwawawa. Akhala."

Anamanga chitenje n'kunyamuka, osacheuka. Mpaka lero amakana kuti anachita dala.

Tinatsala awiri. Apongozi anatuluka n'kukakhala pamthunzi wa mkuyu mbali ina ya msewu, atavala yunifolomu yawo ya mpingo, bulauzi yoyera ndi siketi yakuda. Ine ndinakhala pamwala mbali inayo, padzuwa, chifukwa mthunzi unali umodzi. Galimoto inali pakati pathu, boneti ili yasa. Ndinkaona mapazi awo okha kudzera pansi pake. Ndinaganiza za chitengwa changa, ndipo ndinachiika m'manda mumtima, ndi nyimbo zake zonse.

Papita nthawi, ndinamva kutsokomola.

"Iwe galimoto."

Ndinayesa akupemphera.

"Iwe galimoto, poti umalankhula. Tandiuza. Mbuzi za mwana wanga wadya zingati?"

Apa m'pamene ndinakumbukira kuti khola lili kuseri kwa nyumba yawo. Miyezi yonse imene ndinkapukuta galimoto pamjigo, iwo ankawerenga mbuzi m'mawa uliwonse.

Ndinatsika pamwala, ndinanjuta, ndinaomba m'manja mwaulemu, n'kuyang'ana tayala lakumbuyo.

"Galimoto, uwauze amayi kuti mashoko ndi mabushi anadya ziwiri."

"Nanga yamawanga ija, yobereka mapasa?"

"Uwauze kuti imeneyo inalowa mu pampu ya mafuta."

"Tonde?"

"Tonde anagawidwa. Mbali ina makoyilo, mbali ina joyinti."

"Makoyilo n'chiyani?"

"Uwauze kuti inenso sindidziwa bwinobwino, koma alipo anayi ndipo amafa."

Mapazi aja anasuntha pang'ono. "Nanga matenda ako a lerowa, ndi a mbuzi zingati?"

"Galimoto, uwauze kuti a lerowa si a mbuzi. Giyabokosi ina, yochotsa m'galimoto yodulidwa, ndi ng'ombe. Mwina ng'ombe ndi mwana wake."

"Mayo ine!" Kenako kunamveka phokoso limene sindinalimvepo chikwatirire. Apongozi ankaseka. Ankayesa kubisa m'chitenje koma kunkatulukabe. Atapuma anafunsanso, mawu atatsika.

"Iwe galimoto, undiuze zoona, ndavala za mpingo. Ungafike ku Lusaka?"

Ulemu wa mwini galimoto unandikwera pakhosi. Ndinafuna kunena kuti ikhoza kufika ngakhale ku Livingstone n'kubwerako tsiku lomwelo. Koma mboni inali pomwepo, kukamwa kuli yasa, ikununkha chopserera.

"Uwauze kuti sungafike."

"Kumigodi, ku Kitwe?"

"Ngakhale m'maloto. Uwauze kuti ku Katete mwina, ngati kuli mitambo ndipo mphepo ikuchokera kumbuyo."

Nyenje zinapitiriza ntchito yawo.

"Tamvera tsono, ukawauze eni ako," anatero. "Ine ndinabereka ana aakazi awiri. Wamkulu anakwatiwa ndi munthu wa galimoto. Anabwera bwinobwino, wogwada, nati amayi, ndingomutengera pa boma pomwepa, mukatsokomola tizimva. Ndinavomera. Pa boma anakhala nyengo imodzi. Kenako Chipata. Kenako ndinangomva kuti ali ku Kitwe. Lero adzukulu anga ndimawaona pafoni, akundilankhula Chibemba, ine n'kumangoti eya, eya, osadziwa chimene ndikuvomera. Galimoto yabwino sikhala pamodzi. Imafuna msewu."

Nkhani ya mlamu wanga wa ku Kitwe ndinkaidziwa, koma sindinaiikepo pamodzi ndi yanga.

"Eni akowa anali ndi njinga," anapitiriza. "Munthu wa njinga amapita pamene miyendo yake yathera, madzulo abwerako. Ine mumtima ndinali nditavomera kale. Ndinkangodikira kuti tikolole, andimangire nkhokwe yatsopano, ndiwamasule. Ndiye tsiku lina ndikungoona iwe ukulowa pamudzi, ukunyezimira, ana akukuthamangira. Tsiku limenelo sindinadye. Ndinati basi, uyunso wapita."

Ndinawerengera mumtima miyezi imene ndinapalasa, kenako kuyendetsa, kenako kukonzetsa, pofuna chinthu chimene chinali kale m'manja mwanga. Ndinamasula tayi pang'ono.

"Galimoto," ndinatero, "uwauze amayi kuti ine ndinakugula kuti mwana wawo azifika msanga akamufuna."

"Uwauze kuti ndaona mmene amafikira msanga."

Apa tinaseka tonse, aliyense mbali yake, aliyense akuyang'ana tayala lake.

"Uwauzenso," anatero atapukuta misozi, "kuti padzuwapo achokepo. Mkuyu uwu ndi waukulu, uli ndi kuseri. Ndipo Loweruka likubwerali atume ankhoswe awo. Chimfine chatha."

Ndinakakhala kuseri kwa mkuyu, msana wanga mbali ino ya thunthu, wawo mbali inayo. Mbatata yootcha inabwera yokha mozungulira mtengo, pa kansalu. Ndinadya mwakachetechete, ndipo popeza sankandiona, mwambo sunaphwanyike.

Mkazi wanga anabwera atakwera ngolo, pamodzi ndi mwini ng'ombe ndi abale ake angapo. Anatiyang'ana, anayang'ananso makoko a mbatata. Ngoloyo inayamba yanyamula apongozi, ufa, miphika ndi kabichi kukawatula kumsonkhano. Ndinamva kuti anafika amayi anzawo akuimba nyimbo yotsegulira, ndipo atafunsidwa kuti galimoto ya akamwini ili kuti, anayankha kuti ikupuma.

Ngolo itabwerako tinayamba ntchito imene ku Japan sanaiganizirepo. Tinachotsa chitseko cha kumbuyo kwa ngolo, tinaika matabwa awiri, ndipo amuna onse, kuphatikizapo ena amene ankangodutsa, tinakankha mpaka matayala akutsogolo anakwera. Ngolo inapendekera kumbuyo, goli linanyamuka, ng'ombe zinatsala pang'ono kulendewera m'mwamba. Mwini wake anakuwa mawu amene sindingalembe. Tinakankhiranso patsogolo mpaka kulemera kunakhala pamwamba pa matayala a ngolo, tinamanga ndi zingwe, ndipo amuna awiri onenepa anakhala kutsogolo kuti zilingane. Anawonjezera ng'ombe zina ziwiri. Ine anandiuza kuti ndikhale mkati.

"Ndiwongole chiyani, matayala ali m'mwamba?"

"Palibe. Koma galimoto yopanda munthu imaoneka ngati yakuba."

Tinalowa pa boma dzuwa litapendeka, mphuno ya galimoto italoza kumwamba, ine ndili pachiwongolero nditamanga lamba. Pamsika ntchito inaima. Mayi wina wogulitsa tomato anakuwa kuti, "Aphunzitsi, imeneyi ndiye imamwa chiyani, petulo kapena udzu?" Ndinamukwezera dzanja pang'onopang'ono ngati mlendo wolemekezeka. Makaniko wa pansi pa mango atationa anavula chipewa. Nkhani ya oyilo sitinaikambe tsiku limenelo, ndipo sitinaikambepo mpaka pano. Tonse tinalipo pamsonkhano uja.

Loweruka ankhoswe anakumana. Ine, monga mwa dongosolo, ndinali kutali, ndikunamizira kukonza mpanda wa bafa. Ankhoswe anga anabwera akupukusa mutu.

"Avomera," anatero. "Mutenge mkazi wanu. Koma pali mawu. Ine ndakhala nkhoswe wa maukwati ambiri, mawu otere sindinawamvepo."

"Nkhokwe?"

"Nkhokwe mumanga, imeneyo ndi yodziwika. Akuti galimoto ija musagulitse. Muikonze, muziyenda nayo. Akuti mukaigulitsa mugula yabwino."

Tinasamuka mvula isanagwe, pa ngolo yomwe ija. Giyabokosi inabwera pambuyo pake kuchokera ku Lusaka pa basi, itakulungidwa m'masaka ngati nyama, ndipo inadya phindu lonse la nshawa za chaka chimenecho. Tsopano imamwa oyilo wake weniweni, ndipo chigubu ndimachiwerenga ndekha mokweza ndisanathire. Imayenda. Lamlungu lililonse tikaweruka kutchalitchi timapita kwa Mlolo, ndipo masiku ambiri timafika.

Posachedwapa yayamba kulira kwina, m'mawa ikangolizidwa, ngati wina akukoka unyolo pa malata. Akuti ndi tcheni cha mu injini chatamuka. Bambo wina wa ku Chipata, wogula magalimoto n'kumaphwasula, anaima pa kantemba kanga n'kutchula mtengo wabwino ndithu, woti munthu wanzeru akanalandira ndi manja awiri. Ndinamuuza kuti sizingatheke.

"Mukuikonda chonchi?" anafunsa.

"Ayi."

"Nanga?"

"Ili m'mapangano a ukwati."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, anayang'ana galimoto, kenako anafunsa ngati ndingamuikire galasi latsopano pafoni yake. Ndinamuikira, ndipo ndinamutchaja mokwera pang'ono, chifukwa tcheni chija akuti ndi mbuzi zitatu.